Mphindi 12 pa sunbed zomwe sindidzaiwala

Mu 2016 ndinatenga saluni yaing'ono ku Doncaster, kumpoto kwa England, kwa mayi wina wachizungu yemwe ankasiya ntchito chifukwa cha msana. Ine ntchito yanga ndi tsitsi ndi zikhadabo. Ndinayamba kuluka ndili mtsikana ku Zomba, ndipo nditafika kuno ndinagwira zaka zingapo ntchito yosamalira okalamba, uku ndikuluka anthu kunyumba Loweruka ndi Lamlungu. Ndiye tsiku losaina mapepala, maso anga anali pa mipando itatu, magalasi ndi sinki yotsukira tsitsi. Koma kuseri kunali tizipinda tiwiri, ndipo m'kachipinda kalikonse munali sunbed.

Amene simunaionepo, sunbed ndi bedi la pulasitiki yoonekera mkati, lokhala ndi chivundikiro chotsika kuchokera pamwamba. Pansi ndi m'chivundikiromo muli machubu ataliatali a magetsi otulutsa kuwala kwa UV, komwe kuja kamapezeka m'dzuwa. Munthu amavula, n'kugona, n'kudzitsekera kuti khungu lake lideko. Kwathu alipo ambiri omwe amathera ndalama pa mafuta oyeretsa khungu, kuno azungu amalipira kuti ade. Ndipo ndalama yake si yamasewera. Kuyambira March mpaka July, anthu akamakonzekera maukwati ndi maulendo a ku Spain, mabedi awiriwo ankalipira lendi ya malo onse.

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti abale athu ambiri akugwira ntchito m'masaluni kuno, ndipo tsiku lina bwana adzangokuuzani kuti khalani pa kauntala, kasitomala akabwera mumuikire mphindi. Ife khungu lathu silinatiphunzitse kuopa chinthu chimenechi. Ndakula ndikupalira chimanga dzuwa lili pamutu, sindinapsepo mpaka kusupuka. Choncho mzungu akandiuza kuti akufuna mphindi 12, m'thupi mwanga munalibe chondichenjeza.

Mabedi anga anali amtundu wotchipa, omwe masaluni ambiri amayambira nawo, a machubu a mawati 100 opanda mababu apadera a kumaso. Pakhoma panali bolodi la mitengo: mphindi 3, 6, 9 ndi 12. Mayi aja pondisiyira anandiuza mwachidule kuti, “Mabedi awa ndi ofooka, musadandaule nawo. Watsopano muzimupatsa 6, wozolowera 12.” Madzulo ndinafufuzanso pa intaneti, n'kupeza masamba a ku America akunena kuti mabedi oyambira ngati amenewa ndi a mphindi 20. Mtima unakhala pansi. Ndinati ngati anzathu amafika 20, ine pa 12 ndili kutali ndi ngozi.

Chaka choyamba chinatha popanda vuto. Kungoti makasitomala akale anayamba kudandaula kuti akulipira koma sakuda. Bambo wina yemwe amabwera kudzakonza makina anati machubu atha mphamvu, agwira ntchito kupitirira maola omwe anayenera. Machubu oterewa nthawi zambiri amasinthidwa akakwanitsa maola apakati pa 500 ndi 800, ndipo anga palibe yemwe ankadziwa kuti anaikidwa liti. Ndinasonkhanitsa ndalama, ndipo kumayambiriro kwa May 2017 mabedi onse awiri anaikidwa machubu atsopano. Bolodi la pakhoma sindinalikhudze.

Patatha masiku anayi kunabwera mtsikana wa zaka 22, watsitsi lofiirira, wamadontho ang'onoang'ono pamphuno ndi m'mapewa, khungu loyera kuti mbuu. Loweruka lotsatira ankaperekeza mkulu wake pa ukwati, ndipo diresi lake linali losaphimba msana. Anati mnzake amabwera pano ndipo amagona mphindi 12, nayenso akufuna zomwezo chifukwa masiku atha. Ndinaona chiphaso chake kuti wapitirira zaka 18, ndinamupatsa fomu, anasaina osawerenga, nanenso ndinaiika m'dirowa osaiyang'ana. Ndinayesa kumuuza kuti ayambe ndi 6. Anati 6 n'kutaya ndalama. Pampando panali mayi yemwe ndinali nditamuluka theka la mutu, foni ikulira, ndipo ndinangodina 12.

Anatuluka akumwetulira, masaya atafiira pang'ono ngati munthu wothamanga. Anati palibe chomwe akumva. Apa m'pamene pali msampha waukulu wa ntchito imeneyi. Kupsa kwa UV sikuoneka nthawi yomweyo. Kumayamba pakatha maola angapo, ndipo kumafika pachimake pakati pa maola 12 ndi 24. Munthu akamatsazika pa kauntala akuoneka bwinobwino, sindiye kuti mwamuikira mphindi zoyenera.

Mawa lake masana anabwera ndi mayi ake. Anavala malaya aakulu a mchimwene wake chifukwa chovala chilichonse chothina sankachipirira. Atakweza malayawo m'kachipinda, msana wonse unali wofiira kuti psuu, kufiirako kukulekezera ndendende pamzere wa kabudula wamkati, ngati wina wajambula ndi rula. Pamwamba pa chifuwa ndi kuseri kwa mawondo kunali timatuza tating'ono todzaza madzi. Ndinayandikitsa dzanja osamukhudza, ndipo ndinamva kutentha kukuchokera pakhungupo. Usiku wonse sanagone, ankanjenjemera ngati wa malungo. Mayi ake sanandikalipire. Anangotulutsa kabokosi ka mankhwala m'chikwama n'kundifunsa kuti, “Kodi munamufunsa ngati akumwa chilichonse?” Ndinangoti kakasi.

Pa kabokosipo panalembedwa doxycycline. Mtsikanayo ankamwa mankhwalawo chifukwa cha ziphuphu, ndipo anali atamwa kwa milungu ingapo. Ine dzinali ndinkalidziwa, chifukwa ndi amodzi mwa mankhwala omwe madokotala a kuno amapatsa anthu opita kwathu kuti adziteteze ku malungo. Chomwe sindinkadziwa n'choti amachititsa khungu kupsa msanga likakumana ndi kuwala kwa UVA, womwe ndi mtundu umodzi wa UV, ndipo kuwala kochuluka kotuluka m'machubu a sunbed ndi UVA yemweyo. Funso lake linalipo pa fomu ija, mzere wachisanu. Iye sanayankhe, ine sindinaone.

Mtsikanayo anachira. Khungu linasupuka kwa milungu iwiri, ndipo pa ukwati anafunda kansalu m'mapewa. Ndinamubwezera ndalama zake, ndinadziwitsa a inshuwalansi, ndipo ndinatseka tizipinda tija mpaka nditamvetsa chomwe ndikugulitsa.

Bambo wokonza makina uja nditamuitananso, anabwera ndi kamita koyezera kuwala, n'kukaika pa pulasitiki ya bedi. Kanaonetsa nambala yoyandikira kwambiri 0.3. Anandifotokozera kuti ku Ulaya ndi kuno ku Britain, muyezo wa chitetezo wotchedwa EN 60335-2-27 umati mphamvu yowotcha khungu ya sunbed isapitirire mawati 0.3 pa sikweya mita. Ndinamufunsa kuti, “Bambo, 0.3 imeneyi ndi yochuluka kapena yochepa?” Anati ndiichulukitse ndi 40. Yankho ndi 12, ndipo imeneyo ndi nambala ya UV index, muyezo wa ukali wa dzuwa womwe a zanyengo amalengeza. Kuno ku England, ngakhale tsiku lowala bwanji la June, nambalayi kawirikawiri imalekezera pa 7 kapena 8. Nambala 12 ndi dzuwa la masana la kwathu, la ku Mangochi mwezi wa November, nthawi yomwe ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa mtengo. M'menemo ndi momwe ndinagoneka mwana wa eni ali wosavala, kuwala kukumufika m'mimba ndi kumsana nthawi imodzi.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndikanawadziwa kale sindikanadina 12. Bedi likakhala pa 0.3, mphindi iliyonse limathira majulo 18 pa sikweya mita ya khungu (majulo ndi muyezo wa mphamvu yomwe khungu lalandira). Malangizo a muyezo womwewo amati ulendo woyamba, pa khungu lomwe silinazolowere, usapitirire majulo 100. Mukagawa 100 ndi 18 mupeza mphindi 5 ndi theka. Pa machubu atsopanowo, mphindi 6 za mayi aja zinali zitadutsa kale malire. Mphindi 12 ndi majulo 216, pomwe khungu loyera kwambiri limayamba kufiira cha pa majulo 200 ngakhale mwini wake asakumwa mankhwala aliwonse. Mphindi 20 za ku America zija zikanakhala majulo 360. Kumeneko malamulo ndi ena, machubu ndi ena, ndipo 20 imeneyo ndi mapeto a munthu yemwe wakwera pang'onopang'ono kwa milungu, si poyambira.

Chinanso chomwe chinanditsegula maso n'choti mawu oti bedi loyambira amanena za mtengo wake, sanena za ukali wake. Bedi lotchipa ndi bedi lodula, onse akakhala pa 0.3, mphindi imodzi imawotcha chimodzimodzi. Ndiponso machubu a mabedi otchipawa nthawi zambiri amakhala ndi gawo lalikulupo la UVB, mtundu wina wa UV, kuyerekeza ndi mababu a mabedi odula aja, ndipo UVB ndi yemwe amafiiritsa khungu msanga. Mayi aja sanandinamize pomwe ankati mabedi ndi ofooka. Anali ofookadi chifukwa machubu anali okalamba. Tsiku lomwe ndinaika atsopano, mphindi 12 za pa bolodi zinasanduka chinthu china, ine osadziwa. Machubu atsopano amakhala aukali kwambiri m'maola oyambirira, kenako amatsika pang'ono n'kukhazikika.

Usiku umenewo ndinaimbira foni azakhali anga ku Zomba. Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, ndi wachialubino. Tinakulira bwalo limodzi. Ndimakumbukira azakhali akumuthamangira ndi chipewa cha mlaza m'mawa uliwonse, akumukakamiza malaya a manja aatali ngakhale mu October, ndiponso milomo yake yong'ambika ndi khosi lokhakhala lomwe silinkapola. Khansa ya pakhungu ndi yomwe imatenga anthu achialubino ambiri kwathu adakali achinyamata, ndipo banja lathu lakhala likuiopa kuyambira tsiku lomwe mwanayo anabadwa. Nditawafotokozera zomwe zachitika, azakhali anakhala chete kanthawi, kenako anati, “Mwana wanga, ndiye iwe dzuwa lomwe ife tikumubisa mchimwene wakoyu, kumeneko ukuligulitsa?” Sindinawayankhe. Mpaka lero funso limenelo limandibwerera ndikaima pa kauntala.

Sindinatseke bizinesi ya mabedi nthawi yomweyo, ndipo sindinama kuti zinali zophweka. Ndinali ndi ngongole ya saluni, ana awiri kuno, ndi fizi ya ana a mng'ono wanga kumudzi. Koma kagwiridwe ka ntchito kanasintha.

Ndinayamba ndi kuphunzira kuyang'ana khungu. Dokotala wa khungu wa ku Harvard, Thomas Fitzpatrick, mu 1975 anayambitsa njira yogawa makungu potengera momwe amachitira ndi dzuwa, yomwe lero ili ndi magulu 6. Gulu loyamba ndi la anthu omwe amapsa nthawi zonse ndipo sada, ambiri amakhala atsitsi lofiira, amadontho, amaso obiriwira kapena abuluu. Gulu lachiwiri amapsa msanga ndipo amada movutikira. Lachitatu amapsa nthawi zina koma amada. Ambiri a ife tili m'gulu lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi. Kuyang'ana kokha sikokwanira, chifukwa atsikana ambiri amadaya tsitsi ndipo ena amabwera atapaka kale zodetsa khungu. Funso lomwe limandithandiza ndi ili: “Dzuwa loyamba la chilimwe likakupezani panja kwa ola limodzi osapaka kanthu, mawa lake mumaoneka bwanji?” Akati amafiira n'kusupuka kenako n'kuyeranso ngati kale, ameneyo ndi wa gulu loyamba, ndipo pa bedi langa sagona ngakhale mphindi imodzi. Palibe nambala yomwe ingamudetse popanda kumuwotcha. Mtsikana uja anali pakati pa gulu loyamba ndi lachiwiri.

Wa gulu lachiwiri ndinkamuyambitsa ndi mphindi 3. Wa gulu lachitatu kapena lachinayi, 4 kapena 5, osapitirira pamenepo ngakhale atandiuza kuti kwina amagona 15. Sindidziwa machubu a kwinako, ndimadziwa anga. Akatero ayenera kudikira maola 48 asanabwerenso, kuti ngati pali kufiira kuonekere kaye. Akabwera ndinkamufunsa, komanso ndinkapempha kuona paphewa kapena pamimba. Ngati palibe kufiira, kuyabwa kapena kumva kuthina, ndinkawonjezera mphindi imodzi basi, ndipo osati ulendo uliwonse. Ngati kwafiira ngakhale pang'ono, abwerere kunyumba mpaka zitatheratu, ndipo akadzabwera titsike. Wa gulu lachiwiri sindinkamufikitsa kupyola 8. Malire enieni a bedi lililonse ali m'kabuku ka kampani yomwe inalipanga, ndipo amagwira ntchito pokhapokha machubu omwe mwaika ali ofanana ndi omwe kabukuko kakunena. Ngati mwagula bedi logwiritsidwa kale ntchito lopanda kabuku, musatsegule chitseko musanapeze munthu wodzaliyeza.

Bolodi la 3, 6, 9, 12 ndinalichotsa. Vuto lake n'loti limakakamiza munthu kulumpha kuchoka pa 3 kufika pa 6, komwe n'kuwirikiza kawiri, ndiponso anthu amasankha nambala yaikulu poganiza kuti ndiyo yopindulitsa. Ndinayamba kugulitsa pa mphindi imodziimodzi, ndipo batani loikira nthawi linakhala pa kauntala, m'manja mwanga, osati m'kachipinda. Ndinathetsanso dongosolo lomwe ndinalipeza loti munthu alipire kamodzi pamwezi n'kumabwera mmene akufunira. Munthu akalipiriratu chonchi amafuna kubwera tsiku lililonse kuti ndalama yake isapite pachabe, ndipo ameneyo ndi amene amadziwononga kwambiri. Pamenepa ndinataya makasitomala angapo, ena anapita kwa anzanga a mumsewu womwewo.

Kasitomala aliyense anakhala ndi khadi lake: tsiku, bedi lomwe wagona, mphindi, ndi momwe khungu linalili pobwera. Kuseri kwa chitseko ndinamata pepala la tsiku lomwe machubu asinthidwa ndi maola omwe agwira. Machubu akangosinthidwa, aliyense, ngakhale wa zaka zambiri, ndinkamudula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphindi zake kwa milungu yoyambirira. Munthu akasowa mwezi wathunthu, ankayambiranso pansi, chifukwa khungu limakhala litabwerera mwakale.

Za mankhwala ndimafunsa ndi pakamwa, ulendo uliwonse, osati pa fomu yokha. Kupatula doxycycline, palinso isotretinoin wa ziphuphu, mapiritsi ena a BP okodzetsa, amiodarone wa mtima, ndi mankhwala azitsamba otchedwa St John's wort omwe anthu amagula okha m'sitolo ndipo sawawerengera ngati mankhwala. Ine si dokotala. Munthu akanditchulira dzina lomwe sindikulidziwa, ndimamutumiza ku famase kukafunsa kaye. Yemwe anadwalapo khansa ya pakhungu, kapena ilipo m'banja mwake, kapena ali ndi timadontho takuda tambirimbiri m'thupi, ndimamukaniza. Magalasi oteteza maso ndi okakamiza, chifukwa kutsinzina sikuletsa UV kudutsa pachikope. Atsikana amadana nawo poti amasiya mizere yoyera kumaso, koma wokana magalasi ndimamubwezera ndalama.

Za msinkhu musachite nazo chibwana. Lamulo la Sunbeds (Regulation) Act 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu April 2011 ku England ndi ku Wales, limaletsa aliyense wosakwana zaka 18 kugwiritsa ntchito sunbed ya bizinesi, ngakhale kholo litavomera. Omwe amalondola zimenezi ndi a khonsolo. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland kuli malamulo awoawo, ndipo ku Wales ndi ku Scotland saloleza n'komwe malo a sunbed opanda wogwira ntchito woyang'anira. Ana a masiku ano a zaka 15 amaoneka ngati a zaka 20. Ndimapempha chiphaso kwa aliyense wooneka kuti sanafike 25.

Pali bodza limodzi lomwe mudzalimva sabata iliyonse, loti munthu akada pang'ono pa sunbed asanapite kutchuthi sakapsa kunyanja. Kuda kotereku kumateteza pang'ono kwambiri, mofanana ndi mafuta oteteza ku dzuwa omwe nambala ya mphamvu yake, SPF, ili pakati pa 2 ndi 4, pomwe madokotala amalangiza 30 kapena kuposa. Ndimawauza zimenezi ngakhale ndikudziwa kuti ndikudzichepetsera malonda.

Ndipo ndiyenera kunena poyera kuti zonse ndafotokozazi zimateteza munthu ku kupsa, koma sizichotsa ngozi yaikulu. Mu 2009 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika ma sunbed m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, gulu lomwe mulinso fodya. Chaka chomwecho dziko la Brazil linaletsa kugwiritsa ntchito makinawa pofuna kukongola, ndipo ku Australia masaluni a sunbed analetsedwa m'zigawo zambiri kuyambira January 2015. Kuda kwa khungu la mzungu ndi chizindikiro choti khungulo lavulala ndipo likudziteteza. Mphindi 3 n'zabwino kuposa 12, koma kasitomala akandifunsa kuti ndi mphindi zingati zomwe zilibe vuto, ndimamuuza kuti nambala imeneyo kulibe.

Mu 2019 bedi limodzi linawonongeka ndipo sindinalikonzetse. M'kachipindamo ndinaikamo makina opopera utoto wodetsa khungu, womwe sufuna UV ndipo umatha wokha pakapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ndinapita kukaphunzira kapoperedwe kake kwa masiku awiri. Phindu lake pa munthu mmodzi ndi labwino, ndipo a gulu loyamba omwe ndinkawabweza tsopano ndili ndi chowapatsa. Bedi linalo lidakalipo, ndipo ndalama ya tsitsi ikakhazikika ndikufuna nalonso lichoke.

Mtsikana uja anabweranso patapita zaka zitatu kudzakonzetsa zikhadabo, nthawi ino ukwati unali wake. Ndikumupala, anakokera pansi kolala ya bulauzi n'kundionetsa pamwamba pa chifuwa, pomwe panali matuza paja. Panatsala timawanga tiwiri tofiirira, tating'ono ngati njere za mapira. Anati adokotala anamuuza kuti azitiyang'anira, tikasintha mtundu kapena kukula apite msanga. Kenako anandifunsa ngati Lachinayi kuli mpata woti ndidzamupopere utoto uja, ndipo ndinamulembera 4 koloko.